Zala Zinayi za a Majawa

A Majawa anamwalira Lachiwiri masana, ndipo pofika Lachitatu gulu lathu la pa foni linali litadzaza ndi mabodza. Wina akuti tataya tate. Wina akuti wagwa mzati wa Amalawi a ku Doha. Mpaka mkulu wina wolondera ku nyumba za olemera za The Pearl, yemwe a Majawa anamuliritsapo pagulu, naye analemba kuti mtengo waukulu wagwa. Ndinawerenga zonsezo ndili m'galimoto ya abwana, ndikudikira ana pa geti ya sukulu, ndipo ndinaseka ndekha ngati wamisala. Mtengo wake uti? Ngati unali mtengo, unali wa minga, ndipo mthunzi wake sindinauonepo.

Papita masiku makumi anayi tsopano. Dzulo tinachita sadaka yawo m'chipinda cha mnzathu ku Bin Mahmoud, ndipo anthu anati, Layisoni anenepo kanthu, poti ndiye anagwira nawo ntchito kwa bwana mmodzi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinaimirira, ndinanama ngati anzanga, ndinakhala pansi. Zoona zake ndikulemba pano.

Sanali wamtali a Majawa. Anali ndi mapewa otambalala, ndi chala chachikulu chakumanzere chophwatalala ngati supuni chifukwa cha nyundo. Kwawo kunali ku Machinga, koma kuwongola magalimoto anaphunzirira ku Ndirande, kuja munthu amawongola chitseko cha minibasi ndi nyundo, chitsa ndi mkwiyo basi. Kuno anabwera kale, Amalawi tisanachuluke. Bwana wathu ndi wokonda magalimoto akale, aja anasiya kupangidwa agogo athu akadali anyamata, ndiye anawapatsa a Majawa galaja yawoyawo ku Sanaiya, dera la mafakitale kunja kwa mzinda. Ankagona komweko, m'kachipinda ka kuseri. Ine ndine dalaivala wa ana ndi amayi a pakhomopo, koma ndikatula ana kusukulu ndinkatumidwa ku galajako kukasiya zitsulo, penti, nthawi zina thumba la mpunga.

M'thumba la ovolosi yawo simunkasowa kamaginito kozungulira. Galimoto ikabwera, asanapereke n'komwe moni kwa mwiniwake, ankayendetsa kamaginitoko pathupi lake lonse. Pomwe kagwira, ndiye chitsulo. Pomwe kagwa, ndiye kuti wina anamatapo fila, phala lija amisiri aulesi amabisira mabala a galimoto m'malo mowongola. Fila ankadana naye kuposa nkhumba. Vuto linali loti kamaginitoko sankayesera magalimoto okha. Lachisanu lina titakumana ku Al Doha Al Jadeeda, komwe timamwera tiyi tsiku lopuma, mkulu wolondera uja ankationetsa zithunzi zomwe amatumizira mkazi wake, atayedzamira magalimoto a eni ake, kiyi wa chipinda ali m'manja ngati wa galimoto. A Majawa anadzuka, anamuika kamaginito pachipumi, n'kukasiya. Kanagwera m'kapu ya tiyi, thubwi!

"Mwaona?" anatero. "Fila yekhayekha."

Bambo wa ana anayi, imvi zili mbuu m'ndevu, anagwetsa misozi. Ife tinaseka. Ndisabise, tinaseka kwambiri, poti aliyense ankathokoza mumtima kuti lero si iye.

Nanenso tsiku langa linafika. Ndinamenyetsa chitseko cha galimoto ina yakale, phwaa, mosadziwa. Anakhala miyezi inayi osandilankhula. Akafuna kundiuza kanthu ankauza galimoto, ine ndili chiimire pomwepo. Ankasisita boneti n'kumati, pepani mayi, muuzeni wosaleredwayu asiye pentiyo pakona azipita. Munthu ameneyu magalimoto ankawatchula kuti inu, anthu kuti iwe. Ngakhale mkazi wawo, yemwe anamusiya kumudzi zaka zisanu ndi ziwiri osakamuona, pa foni anali iwe.

Anali ndi ziphunzitso zawo, ndipo tinkazimva tifune tisafune. Ankati chitsulo chimakumbukira momwe chinabadwira, ukachimenya pamalo oyenera chimabwerera chokha, pomwe munthu akapindika wapindika. Ankati mmisiri weniweni amaona ndi chikhatho, ndipo ankatsinzinadi akamasisita madigadi. Tepi yoyezera ankaikana, ankayeza ndi chingwe chomanga mfundo, ati manambala amanama koma mfundo sinama. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: chitsulo chakale sachidula, sachionjezera. Ankati anthu amene anachiumba anafa, sangadziyankhire, ndiye wochidula ali ngati wofukula manda. Ife tinkangoti ndi zokamba za nkhalamba. Sitinadziwe kuti lamulo limeneli lidzadya munthu.

Tsiku lomwe anamwalira ndine ndinaimbira kumudzi, kwa Yusufu, mwana wa mchemwali wawo. Ndinamuuza kuti amalume ake atisiya, ndipo tiwaika konkuno, monga mwa chipembedzo chawo. Kumbuyo kwake ndinkamva nkhuku ndi wina akupopa tayala la njinga.

"Achimwene," anatero, "mandawo ayeze ndi chingwe chawo chija. Akachepa, musaonjezere."

Anadula foni. Sindinamudzudzule, ndipo inunso musamudzudzule musanamve za pikapu.

Yusufu anabwera ku Doha ndi dzanja la a Majawa omwewo. Mchemwali wawo anawadandaulira zaka, mpaka anakamupezera malo kwa bwana wathu. Sanali mwana, anali bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wa mkazi ndi ana awiri, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ntchito yake inali pikapu yoyera ya ku Japan: kunyamula udzu ndi madzi kupita ku famu ya bwana kuchipululu, komwe kuli ngamila ndi mbuzi. Anayendetsa zaka ziwiri osakanda ngakhale galasi. Ndiye tsiku lina m'chilimwe, phula likuchita kununkha ndi kutentha, tayala lakutsogolo linaphulika. Pikapu inagubuduzika katatu. Mutu wake, ndikunena chipinda chokhalamo dalaivala, unaphwanyika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Yusufu anamutulutsa wamoyo, koma bondo lakumanja analilumikiza ndi zitsulo, ndipo linangotsala lopinda pang'ono chabe, mwendo uli njo ngati mpini.

A Majawa anafika kuchipatala tsiku lachitatu. Ndinawatenga ndine. Anayang'ana mwendo uja, anayang'ana kudenga, n'kufunsa kuti, "Injini unazimitsa?"

Amayi a pakhomo ananeneratu kuti munthu wogubuduza galimoto asadzagwirenso chiwongolero ana awo ali momwemo. Ndiye panatsala pikapu yokha, koma pikapu inali itafa. Viza ya Yusufu inkati dalaivala, ndipo kuno dalaivala wosayendetsa amamukansela, n'kumukweza ndege. Kumudzi anali atangoyamba kumene kuimika nyumba, ana ali pasukulu. Kubwerera ndi mwendo woterowo kunali kubwerera kukakhala pakhonde.

Apa m'pomwe a Majawa anachita chinthu chomwe tonse tinati ndi chikondi. Anapita kwa bwana okha. Anati chasisi ya pikapu, mafupa ake apansi aja, sinapindike, ndipo injini ili moyo. Anati ku famu, kuseri kwa khola la mbuzi, kuli mutu wa pikapu yakale ya ku Amerika, ya malemu bambo ake a bwana, wakhala padzuwa zaka zosawerengeka nkhuku zikuikiramo mazira. Anati andipatse ziwirizi ndizikwatitse, mutu wakale pa miyendo yatsopano, galimoto ya bambo anu idzuke. Bwana maso anawala. Anati ngati idzuka, ndipo Yusufu n'kuiyendetsa kuchokera pa galaja kukafika pa geti ya nyumba, ndiye kuti ndi dalaivala wake mpaka kalekale. Akalephera, khalasi, kwatha.

Tinavina tsiku limenelo. Ndinauza anthu ku Al Doha Al Jadeeda kuti chibale ndi fupa sichiola, onani nkhalamba yankhanza ija lero yaima ndi mphwake. Pakamwa panga, ine!

Ntchito inatenga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo Yusufu anailipira ndi thupi lake. Atangotuluka m'chipatala, akuyendera ndodo ziwiri, amalume ake anamupatsa gilayinda kuti adule yekha mutu wophwanyika uja. Mkati munali mukadali magazi ake ouma pampando, ndi nsapato imodzi yopanikizika pansi pa buleki. Ndinati, "Bambo Majawa, ndidule ine, munthuyu akunjenjemera."

"Wapha yekha," anayankha. "Asende yekha."

Yusufu anadula, akulira, moto wa gilayinda ukumuthethekera pa bandeji. Chiwongolero chopindika cha pikapuyo a Majawa anachikhomera pakhoma, moyang'anizana ndi pomwe Yusufu ankakhala popala dzimbiri, kuti akadzutsa mutu azichiona. Dzina lake anasiya kulitchula. Ankamuitana kuti Katatu, chifukwa cha kugubuduzika kuja. Katatu, bweretsa sandipepa. Katatu, wapala ngati ukukanda mphere. Yusufu ankangoti, "Chabwino, amalume."

Koma mutu wakale uja, abale! Tinakautenga ku famu uli wofiira ndi dzimbiri, denga lobonyoka pomwe mbuzi zinkadumphira, m'kati muli zitosi zofika m'kakolo. A Majawa anaulandira ngati mkwatibwi. Anauyala pa matayala akale kuti usakhudze simenti. Bonyo lililonse ankalimenya kuchokera m'kati, pang'onopang'ono, ko, ko, ko, chikhatho chili kunja chikumvetsera. Madigadi amodzi anawatengera masabata atatu. Sindinaonepo munthu akugwira mwana wake momwe iwo ankagwirira chitsulo chimenecho, ndipo ndikunena izi ndi mkwiyo, chifukwa zinali zokongola kuonerera.

M'mwezi wachiwiri anamuitana Yusufu, namukhazika pa benchi, msana kukhoma. Anandipatsa ine nsonga ya chingwe kuti ndigwire pakhomapo, iwo n'kuchikoka kutsata mwendo wouma uja mpaka kuchidendene. Anamanga mfundo. Kenaka tinalowa m'mutu wakale uja, ine n'kugwira pa khoma lakumbuyo, iwo n'kukoka mpaka pomwe pakhale buleki. Anamanga mfundo ina. Anthu akale aja ankapanga mitu yopanikiza, mpando wogunda kukhoma, wosasuntha. Mfundo ziwirizo sizinakumane. A Majawa anaika dzanja pakati pake.

"Zala zinayi," anatero.

"Zinayi zokha, amalume?"

"Zinayi zokha."

Yusufu anaseka koyamba chichitikireni ngozi. Ngakhale ine wosadziwa ntchitoyi ndinamva chofunika: kudula mutuwo kuseri kwa zitseko, kulowetsapo lamba wachitsulo wa zala zinayi kuzungulira denga ndi m'mbali, kuwotcherera, basi mpando wabwerera m'mbuyo, mwendo wakwana. Kwa mmisiri ngati iwo inali ntchito ya sabata imodzi. Lamulo lawo lija ndinalikumbukira, inde, koma ndinati m'mtima, malamulo ndi a alendo, uyu ndi mwana wa mchemwali wawo. Ndipo munthu angayezerenji mwendo ngati sakufuna kuukonzera malo?

Sabata ina anatitsekera kunja tonse. Chitseko cha galaja chinali chokhoma, ife tikungomva nyundo m'kati kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Yusufu anakhala pa chitini panja, pamthunzi wa khoma, akumwetulira. "Akudula, achimwene," ankandinong'oneza. "Mukumva? Akundipangira malo." Atatsegula, mutu unali utakhala kale pa chasisi. Tinauzungulira, tinausisita, kufunafuna msoko pomwe alumikiza. Sitinaupeze. Tinayang'anana n'kunena kuti, ameneyo ndiye mmisiri, wadula mpaka osaoneka pomwe wadula! Kufunsa sitinafunse, poti a Majawa ukawafunsa za ntchito yawo yankho linali kamaginito pachipumi. Zitseko za pikapuyo anazikhoma, kiyi m'thumba. Anati wopha galimoto salowa m'galimoto mpaka tsiku lake.

Penti anasakaniza okha. Anakanda pansi pa labala ya chitseko, pomwe dzuwa silinafikepo, n'kupeza mtundu weniweni womwe galimotoyo inabadwa nawo: wobiriwira ngati tsamba la mpiru. Anasakaniza kamodzi kokha, anapopera okha chitseko cha galaja chili chotseka, ndipo atamaliza anatuluka ndi chitini n'kukhuthulira wotsala yense mumchenga, ife tikuona. Ati pasadzapezeke chinthu china padziko chovala mtundu umenewu. Panatsala masabata atatu kuti bwana abwere. Masabata atatu amenewo Yusufu anapukuta galimotoyo tsiku lililonse mpaka nkhope yake kumaonekamo. Anaimbira mkazi wake kuti auze amisiri apitirize nyumba.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa. Bwana anabwera ndi anzake awiri, mikanjo yoyera ili mbee. Ataiona anagwira pakamwa. Anaizungulira, anagwira chitseko, n'kunena chinachake m'Chiarabu chomwe ndinamvapo mawu oti bambo. A Majawa analiza injini, inalira mosalala ngati mphaka. Kenaka anaizimitsa n'kuponyera Yusufu kiyi.

"Yala," anatero bwana. "Tiyeni."

Yusufu anali atavala shati yoyera yosita, ndodo atasiya dala m'chipinda. Anatsegula chitseko. Analowetsa mwendo wouma uja poyamba, akuunyamula ndi manja awiri, n'kuupititsa pansi pa chiwongolero. Chidendene chinagunda kutsogolo iye asanakhale pansi. Anakankha. Anapotoza chiuno. Phazi linakanirira pa buleki, osatheka kulinyamula, osatheka kulisuntha. Anatuluka, anavula nsapato, analowanso. Chimodzimodzi. Thukuta linayamba kudontha pa shati ija.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "simunadule?"

A Majawa ankapukuta galasi lam'mbali ndi kansalu.

"Amalume, ndiye tichotseko chotsamira ichi. Mwina ndikwana."

"Mpando umenewo unasokedwa amako asanabadwe."

Yusufu anayesa komaliza. Anapingasa mwendo wouma uja kuloza mbali ya pasinjala, thupi lili chammbali, kuti aponde ndi wamanzere. Analiza injini, galimoto inadumpha, inalunjika khoma, anzake a bwana anabalalika mikanjo ili m'manja. Inaima patatsala dzanja limodzi. A Majawa anathamanga, nkhalamba ija inathamanga ndithu, koma sanathamangire Yusufu. Anapisa dzanja pawindo, anazula kiyi, n'kupita kutsogolo kukasisita bampala.

Mmodzi wa anzake a bwana anaseka. Bwana sanaseke. Anangotambasula manja n'kunena kuti, "Khalasi." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Layisoni, iwe yendetsa."

Ndinayendetsa. Ndinakwana bwinobwino, mwendo wanga umapinda. Pagalasi ndinamuona Yusufu ataima pakhomo la galaja, nsapato imodzi ili m'manja. Ndinene pano chomwe sindinanene pa sadaka: galimoto yaikulu yomwe ndimayendetsa ili ndi mpando wobwerera m'mbuyo mpaka munthu kugona. Ndikanatha kugwada kwa amayi a pakhomo, kuwapempha kuti tisinthane, iye aziyendetsa galimoto yaikuluyo pa ntchito zotumidwa, ine ndizitenga ana ndi pikapu yomwe. Mwina akanakana. Koma sindinayese, ndinaopa kugwedeza mphika wanga.

Madzulo ake ndinabwerera ku galaja. Ndinawapeza akumwa tiyi wawo wopanda shuga, atakhala pa chitini.

"Bambo Majawa, munayezeranji mwendo wa mwana uja?"

"Kuti ndidziwe."

"Mwadziwa, ndiye mwachitapo chiyani? Zala zinayi! Mphwanu ndi mphwanu angaume mwendo. Ana ake adya chiyani, adya penti?"

Anaika kapu pansi. Anajambula ndi chala mumpweya mzere wa denga lija, momwe umatsikira kuchokera pagalasi mpaka kumbuyo. Anati mzere umenewo anaulemba munthu wodziwa, ukaukoka pang'ono pokha galimoto imaoneka ngati bulu.

"Akanaona ndani?" ndinakuwa. "Ife tinafunafuna msoko osadziwa n'komwe kuti simunadule! Akanaona ndani?"

"Ine," anatero. Anatolanso kapu yawo.

Patapita miyezi ndinamufotokozera bwana nkhaniyi tili pa msewu. Anadabwa. Anati zala zinayi zokha, bwanji sanadule? Anati bambo ake ankanyamuliramo mbuzi m'mutu momwemo, ndipo anabowolapo okha denga ndi msomali kuti amangirire chingwe. Iye sakanaona kanthu, ndipo sakanasamala. Koma apo n'kuti Yusufu ali kale kumudzi, akumata machubu a njinga pansi pa mtengo.

Ndinamuperekeza ku bwalo la ndege ndine. A Majawa sanabwere, anati ali ndi boneti pamoto. Anangonditumizira phukusi lokulunga m'nyuzipepala kuti ndimupatse. Yusufu analitsegula tili pa malo oimika magalimoto. Chinali chiwongolero chopindika chija. Anachiyang'ana, anachikulunganso bwinobwino, n'kuchisiya pampando wanga. Mayi ake, mchemwali wa a Majawa, anatumiza mawu pa foni yanga poti a Majawa foni yawo sankayankha. Ndinawatsegulira m'galaja mokweza. Mayi uja ankalira, akuti achimwene, ndinakupatsani mwana wamiyendo iwiri, mwandibwezera wa umodzi, ndipo ngakhale umodziwo mwaukaniza malo. A Majawa anamvetsera mpaka pakati, kenaka anayatsa gilayinda.

Zaka zitatu zapita. Pikapu yobiriwira ija yatchuka. Imapita ku zionetsero za magalimoto akale, anthu amajambulitsa nayo, azungu amagwada kusuzumira pansi pake. Woyendetsa ndine. Aliyense amafunsa kuti anapanga ndani, ndipo a Majawa akamva ankangogwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti dzuwa limatuluka kum'mawa. Dzina la Yusufu sanalitchulenso. Nkhanza sanasiye, anangokalamba nazo. Chaka chathachi anayamba kupuma movutika, kukhala pansi pafupipafupi, koma ukati tiyeni kuchipatala ankati madokotala ndi amisiri a fila. Ndinawapeza ndine Lachiwiri lija, nditabweretsa mpunga. Anali atakhala pa chitini chawo, msana kukhoma, kamaginito kali m'manja, tiyi atazizira. Ndinawaitana kawiri. Sindinalire, ndipo mpaka lero misozi sinabwere.

Sabata yathayi bwana anandituma kukasesa galaja, akuti kubwera mmisiri wina mwezi wamawa. Magalimoto onse anawachotsa. Malo aja ndi aakulu kuposa momwe ndinkaganizira. Pa simenti pali mabanga a oyilo, lililonse pomwe panagona galimoto yake. Pakhoma pali misomali m'mizere, ndipo pansi pa msomali uliwonse pali chithunzi cha nyundo chojambulidwa ndi choko, kuti iliyonse izibwerera pake. Chitsa chomwe ankawongolerapo chili pakati, chokumbika pamwamba ngati mtondo. Panja, mchenga uja anakhuthulirapo penti ukadali chibuma chobiriwira. Chingwe chija ndinachipeza pa msomali wakewake, kuseri kwa chitseko. Mfundo zina zonse anamasula, anasiya ziwiri.

M'kachipinda kawo munalibe zambiri: mkeka wopempherera, maovolosi awiri, ketulo. Nditakoka bedi kuti ndisese, ndinaona chinthu chachitali chitaimikidwa pakati pa bedi ndi khoma, chokulungidwa m'bulangete latsopano, labwino kuposa lomwe ankafunda. Ndinamasula.

Anali lamba wachitsulo, wopindidwa ngati khomo la nyumba. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo, poti mzere wa denga lija ndimauona tsiku lililonse. Ankatsata ndendende, phewa ndi phewa, mpaka kamzere kakang'ono kodutsa m'mbali mwa zitseko kanalipo. Ndinaikapo dzanja. Zala zinayi. Ndiye nyundo ija tinkaimva sabata ija, Yusufu akumwetulira panja, inali ya ichi. Anamupanga. Anamumaliza. Akanamulowetsa, ngakhale iwo eni sindikhulupirira kuti akanaona msoko.

Ndipo anali wobiriwira ngati tsamba la mpiru, wonyezimira. Penti ameneyo anasakanizidwa kamodzi kokha. Ine si mmisiri, koma zaka zisanu ndi zinayi za pakhomo la galaja zinandiphunzitsa kuti chitsulo choti ukawotcherere suchipenta, moto ungadye pentiyo. Umapenta chomwe watsimikiza kuti chatha, sichipitanso kwina. Ndiye kuti tsiku lopopera lija nkhani anali ataigamula kale. Anatuluka, anakhuthula chitini, n'kumusiya mwana wa mchemwali wawo akupukuta galimoto masabata atatu, akuimbira mkazi wake za nyumba. Kenaka anagona pambali pa lamba ameneyu zaka zitatu, atamufunditsa bulangete.

Yusufu sindinamuuze. Ndingamuuze kuti chiyani, kuti malo ake analipo?

Zina zonse ndinalongedza m'makatoni. Lambayo ndinalephera kumuponya pa mulu wa zitsulo zotaya, ndinalepheranso kumutenga. Ndinamukoleka pa msomali wautali wa khoma lakumbuyo, pamwamba pa chitini chomwe ankakhalira. Kamaginito kawo kanali m'thumba mwanga chichokereni tsiku la maliro. Ndinakayendetsa pa lambayo kuchokera nsonga ina mpaka inzake, pang'onopang'ono, ndikufunitsitsa kuti pena pake kagwe. Sikanagwe.

Ndinakasiya pomwepo n'kukhoma chitseko. M'galajamo tsopano mulibe galimoto, mulibe nyundo, mulibe wotukwana. Muli chitsa, chingwe cha mfundo ziwiri, ndi khomo lobiriwira lopachikika pakhoma, la zala zinayi, lomwe sanalowepo munthu.